Tinjinga ta minibike: katsopano kotengera kakale, kapena kenikeni ka makedzana? Mafunso ndi mayankho

Amene amakonda kuonera makanema a njinga zamoto pa YouTube anakaonapo kanjinga kafupi ka matayala onenepa, kamene bambo wamkulu akakwera maondo amafika pafupi ndi chibwano. Ku America, ku Japan ndi kuno ku Britain kumene ndimakhala, tinjinga timeneti tili ndi eni ake, ndipo eni akewo amakangana pa nkhani imodzi chaka ndi chaka: kodi ndi bwino kugula katsopano kopangidwa mofanizira kakale, kapena kusaka kenikeni kamene kanatuluka m'fakitale zaka makumi asanu zapitazo? Ndinene poyera pamene ndaima. Katsopano ndilibe nako mlandu ngati sikakunama za kumene kanachokera. Chimene chimadya ndalama za anthu ndi kanjinga ka pakatikati, kamene theka ndi kakale, theka ndi kadzulo, koma kakugulitsidwa pa mtengo wa orijino.

Kodi minibike ndi chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi njinga yamoto wamba?

Ndi kanjinga kamene kanabadwira m'magalaji a anthu wamba ku America cha m'ma 1950. Munthu ankapinda mapaipi achitsulo, n'kuwawotcherera, n'kumangirapo injini yonga ya makina otchetchera kapinga ndi matayala awiri aang'ono, basi kanjinga katha. Poyamba tinkagwira ntchito m'mabwalo a mpikisano wa magalimoto, kuti makaniko athamangire sipanala popanda kutuluka thukuta. Ana atationa anayamba kuvutitsa makolo, ndipo makampani sanachedwe. Abale a banja la Michrina ku Michigan anayamba kupanga Lil' Indian mu 1959. Ku California kunali Taco ya John Steen ndi Bonanza ya ku San Jose, ku Wisconsin kunali Fox. Dzina lalikulu linali Rupp, kampani ya ku Mansfield m'chigawo cha Ohio, ya Mickey Rupp, munthu amene ankathamangitsanso magalimoto ndipo anakhala wachisanu ndi chimodzi pa mpikisano wa Indianapolis 500 mu 1965. Malonda anafika pachimake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, kenako anazilala. Rupp inagwa mu 1978.

Kanjinga ka mtundu uwu kalibe magiya. Mumakaliza pokoka chingwe ngati jenereta, ndipo kilatchi imagwira yokha injini ikakwera moto. Tambiri tinalibe mashoko kumbuyo, msana wa wokwera ndiwo unkamva mabampu onse. Buleki ya tina inali kachitsulo kamene ukaponda kamakhula pa tayala, monga momwe ana amaimitsira njinga yakapalasa yopanda mabuleki poika phazi pa tayala lakumbuyo.

Nanga Honda Monkey ili m'gulu lomweli?

Anthu amaiika momwemo, ngakhale kuti ndi ya fuko lina. Monkey ndi njinga yamoto yeniyeni yongofupikitsidwa: ili ndi magiya, ndipo injini yake ya 49cc ndi yapachibale ndi ya Super Cub, njinga yamoto yaing'ono yotchuka ya Honda. Inayamba mu 1961 ngati choseweretsa ana pa paki ya Tama Tech ku Tokyo, pa dzina la Z100. Mu 1967 kunatuluka Z50M yoyenda pamsewu ku Japan, ndipo mu 1968 Z50A inafika ku America pa dzina la Mini Trail, ya matayala a mainchesi 8 ndi mahandulo opinda kuti ilowe m'buti ya galimoto. Mu 1969 kunabwera mkulu wake, Dax, imene ku America ankaitcha CT70 kapena Trail 70. Dzina la Dax linachokera kwa galu uja wamtali thupi koma wamfupi miyendo, dachshund, ndipo mukayang'ana felemu yake muona chifukwa chake.

Kusiyanitsa mafuko awiriwa kumathandiza, chifukwa mafunso a mtengo, masipeya ndi malamulo a pamsewu amayankhidwa mosiyana.

Mukamati "katsopano kotengera kakale" mukunena chiyani kwenikweni?

Mawu amodziwa akubisa zinthu zingapo zosafanana, ndipo mikangano yambiri imayamba chifukwa wina akunena ichi, mnzake akunena icho.

Pali timene kampani yeniyeniyo yabweretsanso. Honda inasiya kupanga Monkey ya 50cc mu 2017 chifukwa cha malamulo a utsi, ndipo mu 2018 inatulutsa Monkey 125 yopangidwa ku Thailand. Mu 2022 kunabweranso Dax 125. Maonekedwe ndi a kale, koma mkati ndi njinga ya lero: mafuta amapopedwa ndi kompyuta m'malo mwa kabuleta, mabuleki ndi a disiki, matayala ndi a mainchesi 12, ndipo kulemera kwake kumaposa makilogalamu 100, pamene Z50A inali cha m'ma 50. Imeneyi si kope ayi, ndi mdzukulu.

Pali maina akale amene anthu ena anawaukitsa, monga Taco, amene akugulitsanso mafelemu atsopano a kapangidwe ka m'ma 1960. Pali makope a ku China a Monkey ndi Dax, a maina ngati Skyteam, Jincheng ndi Ice Bear, ofanana ndi Honda mpaka masipeya ambiri amalowana. Palinso tina tongotengera kaimidwe ka kale popanda kukopera kanjinga kena kalikonse, monga Coleman CT200U ya injini ya 196cc imene imagulitsidwa m'masitolo akuluakulu ku America. Ndiye pali masipeya okha: thanki, chishalo, ekizosi, zomata, mpaka felemu yathunthu, moti munthu akhoza kumanga "Monkey ya 1969" yopanda bawuti ngakhale imodzi ya 1969. Achingerezi zoterezi amazitcha repro kapena clone. Chisokonezo chenicheni chimachokera m'gulu lomalizali.

N'chifukwa chiyani munthu angalipire ndalama zambiri pa kanjinga kadzimbiri pamene katsopano kalipo kotchipa?

Chifukwa sakugula mayendedwe, akugula ubwana wake. Mwana wa zaka khumi amene ankasuzumira Mini Trail pawindo la shopu mu 1970, bambo ake n'kumukaniza, lero ali ndi zaka zoposa 60, ana anakula, ndipo m'thumba muli kangachepe. Iyeyo safuna chofanana nako, akufuna komweko. Onjezani kuti tinjingati tinali m'manja mwa ana: tinagwetsedwa m'maenje, kusiyidwa pamvula, kupentedwa ndi burashi, kenako kutayidwa. Totsala tili bwino ndi tochepa, ndipo palibe fakitale imene ingapange chaka cha 1969 kachiwiri.

Mbiri ya mwini wake imakwezanso mtengo modabwitsa. Honda Z50A ya 1969 imene John Lennon, woimba wa gulu la Beatles, ankayendera pa malo ake a Tittenhurst Park inagulidwa mapaundi 57,500 pa okushoni ku Britain mu 2018. Chitsulo chake n'chimodzimodzi ndi cha Z50A ina iliyonse. Ndalamazo zinapita pa mapepala osonyeza amene anakhalapo pa chishalocho.

Musatengere pamenepo n'kuganiza kuti kakale kalikonse ndi golide. Ku America kunali makampani ang'onoang'ono ochuluka, ena ongogulitsa kudzera m'makatalogi, ndipo mafelemu awo opanda dzina amagulidwa motchipa mpaka lero. Ndalama zimatsata maina odziwika ndi mitundu yosowa, monga Rupp Black Widow, Bonanza ndi Honda zoyambirira.

Ine ndikungofuna kukwera Loweruka ndi Lamlungu. Ndigule kati?

Katsopano, mosakayika. Kamalira msanga, mabuleki amagwira, ndipo mukakagwetsa mumangodzipukuta fumbi n'kukwera. Kakale kokongola mumakakwera mtima uli m'mwamba, kuopa mwala uliwonse umene ungalase thanki. Ndaona anthu atagula orijino ndi cholinga chokwera, patapita miyezi iwiri kali pa sitandi m'chipinda chochezera, iwo akusakanso kachiwiri koti azikwera.

Kodi injini za ku China zimene zili pa tatsopanoti ndi zolimba?

Ambiri a inu mukuzidziwa kale, mwina osazindikira. Injini ya pa Coleman ndi tinzake ndi kope la Honda GX200, yomwe ija imene imayendetsa mapampu a madzi m'madimba ndi majenereta m'misika ya kwathu, nthawi zambiri yolembedwa 168F pambali. Ku America yotchuka ndi Predator 212 ya sitolo ya Harbor Freight, ya mphamvu ya mahatchi 6.5. Za pa makope a Monkey ndi Dax ndi zogona, zotengera Super Cub, zopangidwa ndi makampani ngati Lifan ndi Zongshen, maina amene aliyense wokwera kabaza wa njinga yamoto anawamvapo.

Injini zokhazo zimapirira ngati mukusintha oyilo. Chimene chimakhumudwitsa ndi zozungulira injiniyo: mabawuti ofewa amene amadyeka mutu, kolomu yopyapyala imene imatuluka dzimbiri dzinja limodzi, mapaipi a labala amene amang'aluka, tcheni chimene chimatamuka sabata yoyamba. Odziwa akagula kope la m'bokosi sakwera tsiku lomwelo. Amakhetsa oyilo amene wabwera nako n'kuthira wabwino, amamanga bawuti iliyonse, amapaka girisi m'mabering'i, amayang'ana mavavu. Madzulo awiri a ntchito imeneyi amachotsa madandaulo ambiri amene mumawamva.

Ndingadziwe bwanji kuti kanjinga kamene akundigulitsa ndi kenikeni?

Apa ndiye pofunika kudekha, ndipo ndifotokoza zimene ndinaona ndi maso. Chaka china ndinaperekeza mnzanga kukaona Monkey imene inalengezedwa kuti ndi ya 1970, yokonzedwa bwino. Mwini wake anaitulutsa m'galaji ikuwala ngati switi, yofiira, chizindikiro cha Honda chili pa thanki, matayala akununkha utsopano. Mnzangayo dzanja linali litapita kale ku chikwama. Ine ndinagwada pa simenti, kuyatsa tochi ya foni, n'kuunika kumunsi kwa injini mbali ya kumanzere kumene kumakhala nambala. Nambalayo inayamba ndi 139FMB. Chimenecho ndi chizindikiro cha injini ya 50cc ya ku China. Ya Honda ikanayamba ndi Z50AE. Titavundukula chishalo tinapeza kabokosi kakuda ka CDI, kamagetsi kamakono kotumiza moto ku pulagi, pamene njinga ya 1970 imayenera kukhala ndi mapointi, tizitsulo takale togwira ntchito yomweyo, ndi magetsi a mavoti 6. Bamboyo sanachite manyazi n'komwe. Anati felemu ndi yeniyeni, ndipo mwina ankanena zoona. Koma mtengo umene ankafuna unali wa njinga yathunthu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pa Honda, yambani ndi manambala. Ya felemu imakhala pakhosi, pamene pamalowa foloko. Musadabwe ngati nambala ya felemu ndi ya injini sizikufanana ndendende, chifukwa Honda sinkazifananitsa. Chofunika n'chakuti zonse zigwere m'gulu la chaka chimodzi, ndipo magulu a okonda njingazi anasonkhanitsa mindandanda yake. Yang'anani kadindidwe ka manambalawo. Ngati malowo akuoneka opalidwa, otsika kuposa chitsulo chozungulira, kapena manambala akuvina osatsata mzere, bwererani kunyumba. Yang'ananinso mitu ya mabawuti: a Honda a nthawi imeneyo ambiri ali ndi nambala 8 pamutu. Mabawuti onyezimira a muhadiweya paliponse akutanthauza kuti wokonzayo sankasamala, ndiye dzifunseni kuti mkati mwa injini anasamala bwanji.

Pa tinjinga ta ku America nkhani ndi yovutirapo, chifukwa tambiri tinalibe nambala yodalirika, tinali ndi chomata chokha chimene chinayobuka kalekale. Kumeneko anthu amazindikira ndi kapindidwe ka mapaipi, kaonekedwe ka mbale imene pamakhala injini, mtundu wa malimu ndi kawotcheredwe. Injini imathandiza: pa injini za kampani ya Briggs & Stratton manambala awiri oyamba a mzere wolembedwa Code ndi chaka chimene inapangidwa, ndipo Tecumseh nayo inkadinda manambala ake pa chitsulo chophimba injini. Koma injini zoterezi zinkasinthidwa ngati malaya, kotero chaka cha injini si umboni wa chaka cha felemu.

Ndipo pemphani zithunzi za kanjingako kasanakonzedwe. Wokonza woona mtima amakhala nazo zambiri ndipo amanyadira kuzionetsa.

Ndapeza kakale kofwifwa. Ndikapentenso kuti mtengo ukwere?

Gwirani kaye dzanja. Osonkhanitsa ali ndi mawu akuti survivor, kutanthauza kanjinga kamene kapulumuka zaka zonsezi kali ndi penti, zomata ndi chishalo chake cha ku fakitale. Koteroko, ngakhale kofwifwa ndi kokalikakalika, nthawi zambiri kamakopa ogula odziwa kuposa kopentedwanso, pa chifukwa chosavuta: penti wa fakitale akachoka sabweranso, pamene wopentedwanso aliyense angamupange mawa. Katsukeni ndi sopo, kapukuteni ndi polishi wofatsa, tsukani kabuleta, sinthani oyilo, kalizeni, muone kaye chimene muli nacho.

Kupenta kumakhala ndi nzeru ngati wina anakapenta kale, kapena dzimbiri ladya mpaka kuboola. Pamenepo palibe chotaya. Dziwani chabe kuti kukonza bwino kumadula. Penti wonyezimira wa Honda, amene amamutcha candy, amathiridwa mosanjikiza, wasiliva pansi, wa mtundu woonekera mkati pamwamba, ndipo kumupeza ndendende ndi luso. Mukaphatikiza kolomu, ntchito ya injini ndi masipeya, kawirikawiri ndalama zolowa zimaposa zimene mungagulitsire. Amene amakonza amachita chifukwa chokonda ntchitoyo.

Kodi kuika masipeya atsopano pa kanjinga kakale n'kulakwa?

Ayi, ndipo popanda masipeya amenewa tinjinga tambiri takale tikanakhala tili pa mulu wa zitsulo. Tecumseh, imene injini zake zinali pa Rupp zambiri, inasiya kupanga injini mu 2008. Masipeya enieni akale amene sanagwirepo ntchito, amene amawatcha NOS, akutha m'mashelefu ndipo mtengo wake ndi wolasa. Matayala, makebulo, mapaipi a petulo, tcheni ndi nsapato za mabuleki ndi zinthu zoti zizisinthidwa basi, palibe wanzeru amene angakudzudzuleni.

Pali zinthu ziwiri zokha zimene ndimaumirira. Chimene mwachotsa, chisungeni m'katoni, ngakhale chishalo chong'ambika, chifukwa wodzagula adzachifuna. Ndipo musadule felemu. Izi zimachitika kwambiri ndi injini za 212: ndi zazikulu kuposa Tecumseh kapena Briggs ya mahatchi atatu kapena anayi imene felemuyo inapangidwira, ndiye munthu amatenga chopukusira n'kudula paipi kuti ilowe. Injini mukhoza kuibwezeretsa tsiku lina. Paipi yodulidwa ndi kuwotchereredwanso imaoneka mpaka kale.

Masipeya otengerawa nawonso si ofanana. Ena, makamaka a makampani a ku Japan ngati Takegawa ndi Kitaco, ndi apamwamba zedi, ndipo mtengo wake umanena zomwezo. Ena ndi a bola kugulitsa. Ine ndinaitanitsapo chishalo chotchipa pa intaneti, pachithunzi chokongola. Chitafika, mabowo ake anaphonya a felemu ndi theka la chala, ndipo ndinathera Loweruka lonse ndi fayilo m'manja, kukulitsa mabowo a chishalocho, ndikudzitukwana.

Kuchuluka kwa makope sikukugwetsa mtengo wa tenitenito?

Mmene ndikuonera, kwa tabwino kwambiri ayi. Wofuna Z50A ya penti wa fakitale sangasinthe maganizo chifukwa Skyteam yatchipa, ndi anthu awiri osiyana. Ndipo tatsopano timakoka anthu amene sankadziwa n'komwe za tinjingati, ena mwa iwo n'kudzayamba kusaka takale. Timene timavutika ndi tapakati tija, tokonzedwa mwachisawawa ndi masipeya osakaniza. Wogula amafunsa kuti, ngati theka la kanjingaka ndi latsopano kale, ndilipiriranji kawiri mtengo wa katsopano kathunthu?

Ndikagula katsopano n'kukasunga osakakwera, kadzakhala kamtengo mtsogolo?

Kope la ku China, musayembekezere. Limatsika mtengo tsiku lomwe latuluka m'bokosi. Za Honda zosowa ndi nkhani ina: Monkey yomaliza ya 50cc ya mu 2017, yakolomu, anapanga 500 zokha, ndipo ofuna anachuluka kwambiri moti ogula anachita kusankhidwa mwa mayere. Koma Monkey 125 wamba, imene inayamba kugulitsidwa ku America pa madola 3,999, ikupangidwa yambirimbiri, ndipo eni ake ambiri ndi akuluakulu amene akuisunga mosamala. Takale tinakwera mtengo chifukwa palibe amene ankatisunga. Chinthu chimene aliyense akusunga sichidzasowa.

Kodi timaloledwa pamsewu?

Ta injini yokoka chingwe, takale ndi tatsopano tomwe, timagulitsidwa kuti tiziyenda m'munda, m'tchire kapena pa malo a munthu. Tilibe masiginolo, magalasi ndi zina zimene malamulo amafuna, ndipo m'madera ambiri a ku America apolisi amakuimitsani mukatulukira nato pa tala. Monkey 125 ndi Dax 125 ndi njinga za pamsewu zokwanira, zofuna laisensi, inshuwalansi ndi nambala ngati ina iliyonse. Makope ali pawiri: ena anavomerezedwa kuyenda pamsewu m'dziko limene akugulitsidwa, ena ayi, ndiye funsani mapepala musanalipire.

Kuno ku Britain pali kanthu kena koyenera kukadziwa. Njinga yopitirira zaka 40 ikhoza kulembetsedwa ngati ya mbiri yakale, osalipira msonkho wa pamsewu, osapitanso ku MOT, kuyezetsa ngati ili bwino kuyenda pamsewu, chaka ndi chaka. Mwayi umenewu ndi umene umakopa achinyengo kutenga mapepala ndi nambala ya Honda yakale yowonongeka n'kuziveka pa felemu yatsopano ya ku China. Ndi mlandu, ndipo zikadziwika amene amatsala m'madzi ndi amene wagwira njingayo tsiku limenelo.

Ndikufuna kugulira mwana wanga. Kakale kangamuyenere?

Kukhala kakang'ono sikutanthauza kuti n'kofatsa. Buleki yokhula pa tayala ija siigwira tayala likanyowa, tcheni ndi kilatchi pa takale tambiri zili pamtunda popanda chotchinga, ndipo ekizosi imadutsa pafupi ndi mwendo. Matayala a zaka makumi anayi amaoneka abwino koma ndi ouma ngati chikwatu. Kwa mwana sankhani katsopano ka injini yaing'ono, kokhala ndi buleki ya disiki, chotchinga tcheni ndi batani lozimitsira, ndipo tambiri tili ndi sikuluwu yochepetsera liwiro. Helemeti, nsapato zotseka ndi buluku lalitali zisasowe, ndipo wamkulu akhale pomwepo. Kakaleko kadikire mwanayo akule.

Ndamva kuti ukachotsa gavana kamathamanga kwambiri. Ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo ndi pamene anthu amavulalira. Gavana imaletsa injini ya mtundu wa GX kupitirira maulendo pafupifupi 3,600 pa mphindi, chifukwa ndi liwiro limene inapangidwira. Mukaichotsa injini imakuwa mosangalatsa, koma fulaiwilo yake, gudumu lolemera lozungulira ndi injini, ndi ya chitsulo chothira, chimene chikazungulira mopitirira muyeso chikhoza kuphulika, ndipo zidutswa zake zimatulukira pamene pali mwendo wanu. Amene amachita mipikisano amayamba asintha fulaiwilo ndi kondirodi (kamkono kogwira pisitoni) kuika za aluminiyamu wosema, ndiye n'kuchotsa gavana. Kuchita mosemphanitsa ndi kuseweretsa moyo. Kumbukiraninso kuti felemu ndi mabuleki a 1968 sanapangidwire liwiro limenelo.

Kanjinga kosakwerakwera kamasungidwa bwanji?

Mdani wamkulu ndi petulo wogonera. Tsegulani chivindikiro cha thanki ya kanjinga kamene kaima zaka zitatu, mumva fungo ngati la vanishi wa akalipentala, ndipo pansi pa kabuleta mupeza phala lobiriwira limene latseka timabowo tonse. Petulo wosakaniza ndi ethanol amaonjeza vutoli, chifukwa amakoka chinyezi cha mumpweya, thanki yachitsulo n'kuyamba dzimbiri mkati, komanso amadya labala wakale amene sanapangidwire mafuta otere. Ku America ndi ku Britain petulo wamba ndi E10, wosakaniza ndi ethanol, ndipo kwathu ku Malawi takhala tikusakaniza ethanol wa nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndiye nkhaniyi ndi yathu tonse. Ngati kakhala miyezi kosayenda, tsekani kampopi ka mafuta, lizani injini mpaka izime yokha, khetsani zotsala m'kabuleta, ndipo matayala asakhale pa simenti yonyowa. Tatsopano ta kabuleta timadwalanso matenda omwewa.

Nanga kwa ife amene tili ku Malawi kapena ku Zambia, n'zotheka?

Kusaka orijino muli kumudzi ndi kovuta. Misika yake ili kutali, monga okushoni ya Mecum ku Las Vegas mu January, kapena msika wa zakale wa AMA Vintage Motorcycle Days pa bwalo la mpikisano la Mid-Ohio mu July, pafupi ndi kumene Rupp inkapangidwira. Mungagule poona zithunzi zokha, popanda kugwada ndi tochi, kenako kulipira sitima ndi msonkho pa kanthu kamene kakakhala feki simungakabweze. Ngati muli ndi m'bale kunja amene amadziwa injini, mutumeni akaone ndi maso. Apo ayi, ndalamazo zikhale kaye m'thumba.

Koma pali njira yachitatu imene ili pafupi kwambiri ndi mmene minibike inayambira: kupanga nokha. Owotcherera amene amapanga mageti ndi mawilibala pa Ndirande kapena ku Mchesi akhoza kupinda felemu ngati mwawapatsa miyeso, ndipo injini ya 168F imapezeka m'mashopu a zaulimi. Chenjezo lili pa shafiti. Ya injini ya jenereta ndi yosongoka kumapeto, ya mapampu ambiri ili ndi mazinga, ndipo kilatchi silowa pa zonsezi. Mukufuna injini ya shafiti yowongoka yokhala ndi mpata wa kiyi. Muyeze ndithu musanaitanitse kilatchi, chifukwa za ku America ndi za mamilimita 19.05, pamene injini zambiri zogulitsidwa kwina ndi za mamilimita 20, ndipo kusiyana kochepako n'kokwanira kuti kilatchi ikane kulowa. Paipi ikhale yochindikala, osati ya mipando, ndipo buleki mutenge ya disiki ya pa njinga yamoto yakufa.